Chaka Chimene a Tcheyamani Ankakadyera ku Zambia

Ana a masiku ano akandimva ndikunena kuti mlamu wanga anatha nyengo yonse yokolola akudzuka ku Malawi, kukadya ku Zambia, n'kubwera kudzatsuka m'kamwa ku Malawi konkuno, amakodolana n'kumati agogo Msukwa ayambapo. Sindinayambe kanthu. Ine bodza sindilidziwa, ndimangolimva kwa anthu ena. Zimene ndilembe panozi ndinaziona ndi maso anga, ndipo zimene sindinazione ndinaziimbira ng'oma.

Mudzi wathu uli kuseri kwa Lufita, m'munsi mwa chitunda chachitali. Pamsana pa chitundacho pali chipilala cha simenti chosonyeza malire. Dontho la mvula likagwera pachipilalapo limagawika pakati, theka kutsikira kwathu, theka kwa anzathu a ku Zambia. Anthu a mbali ziwirizi ndife amodzi. Timakwatirana, timaikana m'manda, timabwerekana mchere. Chosiyana chinali malamulo basi.

Nthawi imeneyo chipani chinali chimodzi, moti ukati chipani palibe ankafunsa kuti chiti. Tcheyamani wa nthambi yathu anali a Silungwe. Tcheyamani wa amayi anali mlongo wawo Nalungwe, amene ndi mkazi wanga. Ine ndinali woimbira amayi ng'oma pa magule a chipani. Choncho ndinali ndi atsogoleri awiri obadwa mimba imodzi. Wina ndinkamumvera pa msonkhano, wina kuyambira podzuka mpaka pogona.

A Silungwe ankakhulupirira. Ena ankagula khadi ya chipani poopa kubwezedwa pa chipata cha msika, koma iwo ankagula ndi mtima wonse, mpaka anaguliranso njinga yawo, ati nayonso imayenda pa msewu wa boma. Sanalandepo nkhuku ya munthu, mowa sanaulawepo, bodza ankaliopa kuposa njoka. Nalungwe naye nyimbo zonse za chipani ankazidziwa, ndipo akaimba ankamveka mpaka pa Boma, koma poimbapo maso ake ankakhala pa nkhokwe.

Ogasiti

Lamulo linafika mphepo ya ku Chitipa ili pachimake, ija imavula munthu chipewa n'kukachiveka wina ku Kaseye. A Silungwe anatisonkhanitsa pansi pa mango a kusukulu n'kutiuza kuti visoso zatha.

Kwa amene sadziwa: visoso ndi ulimi wa makolo athu. Amuna amakwera mitengo ya m'phiri n'kusadza nthambi, amayi amazikoka n'kuziunjika, zikauma timatentha, ndipo mvula ikakhazikika timafesa m'phulusamo malezi, amene a kumwera amati mawere. Malezi ndiye anali nkhokwe yathu yachiwiri. Sagwa anankafumbwe, sachedwa kukhutitsa.

A Tcheyamani anali atapitako ku maphunziro a ulimi kuchigawo chapakati, kumene anaona chimanga cha makono chotalika ngati mkono wa munthu. Anati chaka chino aliyense alime chimanga chimenecho m'mizere, athire feteleza, ndipo nkhwangwa zipume. Anati mapiri athu akuchita dazi, akasupe amene tinkasambamo tili ana auma, ndipo tikapitiriza kutentha, adzukulu athu adzaphikira ndowe. Zonsezo zinali zoona. Vuto la mlamu wanga linali lomwelo: ankanena zoona nthawi zonse, osayang'ana kuti tili mwezi wanji.

Pofuna kuonetsa chitsanzo, anatenga mbewu yawo yonse ya malezi n'kumwazira nkhuku pamaso pathu. Nkhukuzo zinanenepa moti tambala wawo ankachita kumukweza m'khola anthu awiri. Ndinali mmodzi mwa awiriwo.

Amene analuluta kwambiri tsiku limenelo anali Nalungwe. Koma pobwerera kunyumba anayenda pang'onopang'ono, akuyang'ana mango amene anali atachita maluwa mopitirira muyeso, zimene kwathu kuno sizitisangalatsa chifukwa zimalosera chaka cha njala. Anasuzumiranso m'nkhokwe, mmene munali mwapakati kale chifukwa chimanga chambiri cha chaka chimenecho tinali titagulitsa ku msika wa boma. Kenako anatenga ng'oma yanga yaikulu, anaizondotsa, anapisa mkono m'mimba mwake mpaka paphewa, n'kundifunsa kuti mungalowe nkhwangwa zingati.

Seputembala

Nalungwe anapita kwa mlongo wake, anagwada bwinobwino, n'kunena kuti pakumveka kuti Mwini dziko adzabwera kudzayendera mbewu kumpoto kuno, choncho amayi a nthambi yathu akufuna kukonza gule watsopano. Anati gule ameneyu ngwachinsinsi, amayi a ku Kaseye ali ndi makutu aatali, ndiye ndi bwino tizikayesera kuseri kwa chitunda. Masiku amenewo mwamuna woletsa mkazi wake kupita kokayesera gule ankakhala atadziitanira yekha anyamata a malaya ofiira. A Silungwe anavomera misozi ili m'maso.

Kuseri kwa chitunda kunali nkhalango ya azakhali ake a Nalungwe, amene anakwatiwa ku Zambia kalekale. Azakhaliwo anangoti dulani, ine mundipatseko kanga.

M'mawa uliwonse tinkakwera, amayi atavala nsalu za chipani, ife amuna titasenza ng'oma. Ng'oma zinkalemera mwachilendo, choncho panafunika otithandiza kunyamula. Pomatha mwezi, ng'oma imodzi inkaperekezedwa ndi amuna ochuluka kuposa operekeza bokosi la maliro. Tikangodutsa chipilala tinkakhuthula nkhwangwa, amuna n'kukwera mitengo, ine n'kukhala pamwala ng'oma ili pakati pa miyendo.

Ntchito yanga inali yoti phokoso la nkhwangwa lisafike kumudzi lili lokha. Ndinapeza kaimbidwe kake: kugunda kuwiri mopepuka, kachitatu mwamphamvu, ndipo pa kachitatupo nkhwangwa zonse zinkagwera limodzi. Wodula mophonya ankadzudzulidwa ngati wolakwitsa nyimbo m'tchalitchi. Amayi ankakoka nthambi akuimba nyimbo zotamanda chitukuko, mwendo wamanja patsogolo, chiuno pansi, kukoka, kuponya. Ndinaimba ng'oma mwezi wonse mpaka zikhatho zanga zinauma ngati chikopa cha ng'omayo, moti tsiku lina nditaiwala ng'oma kunyumba ndinangoomba m'manja ndipo palibe anazindikira.

Madzulo tikatsika, a Tcheyamani ankatichingamira pa njira. Ankandigwira paphewa n'kumati alamu, m'boma lonse lino mulibe nthambi yodzipereka ngati yathu. Ine ndinkavomereza, pakuti zinali zoona.

Novembala

Milu ya nthambi itauma tinaiyatsa. Utsi unakwera kuseri kwa chitunda ngati mtambo wa mvula, ndipo a Silungwe anaitana mudzi wonse kuti udzaone. Analoza n'kunena kuti taonani anzathu akuwotcha dziko lawo, ife tithokoze kuti tili ndi utsogoleri wotitsegula maso. Tonse tinapukusa mitu mwachisoni. Theka la opukusa mituwo linalibe nsidze. A Tcheyamani atandifunsa za nsidze zanga, ndinati ndimawamba ng'oma pamoto kuti ilire bwino, ndiye ndinayandikira kwambiri. Ng'omayo ndinaiwambadi. Motowo ndi umene unali waukulu pang'ono.

Disembala

Musaganize kuti chimanga tinachinyoza. Tinalima ndi mtima wonse. Kunabwera mlangizi wa ku Ntcheu ndi chingwe chake ndi kakapu koyezera feteleza, munthu wabwino amene anali ataphunzira kale kunena kuti yewo. Mizere yowongoka kuposa yonse inali ya Nalungwe. Nditamufunsa kuti nanga bwanji akudzivutitsa kawiri, anati iye chimanga sakuchikana, akungofuna kuti chikadzapsa mtima tidzakhale n'kothawira.

Mvula inayamba bwino. Chimanga chinamera chobiriwira mpaka kuda, ndipo a Silungwe ankayenda m'minda manja ali kumbuyo ngati mwini esiteti. Ine ndinayamba kuganiza kuti nsidze zanga zinapsa pachabe. Khirisimasi itadutsa amayi anati gule uja wayamba kuiwalika, tinakweranso, ndipo ulendo uno m'ng'oma munali mbewu ya malezi imene mayi aliyense anali atabisa m'chigoba pamwamba pa moto. Anafesa akuimba, dzanja kumanja, dzanja kumanzere, phazi n'kufotsera.

Januwale

Mvula inachoka ngati mlendo wokwiya, osatsazika. Kumwamba kunayera mbee. M'mawa masamba a chimanga ankakhala otambasuka, pofika masana atapindika ngati ndudu. Tinapemphera m'mipingo yonse, ndipo amene anali ndi njira zina anayesanso njira zawozo.

Pa msika wa pa Boma, chitini cha chimanga chimene unkasinthitsa ndi nkhuku chinayamba kufuna mbuzi, ndipo pomatha mwezi chinkafuna mbuzi yoyenda ndi mwana wake. Amalonda a ku Tanzania, kutsidya kwa mtsinje wa Songwe, ukawadandaulira ankangotambasula manja n'kumati bei, ndugu, bei, kutanthauza kuti mtengo, m'bale, mtengo. Mphekesera ndiye zinali zaulere. Ena ankati mvula waimanga munthu wina wa ku Kaseye amene anali asanafolere nyumba yake. Ena ankati lole ya chimanga yanyamuka ku Karonga. Lole imeneyi inanyamuka ku Karonga sabata iliyonse mpaka tinayamba kuidera nkhawa kuti mwina ikuyenda chobwerera.

Febuluwale

Chimanga chinachita ngayaye dzuwa likuswa mtengo, ndipo chinaferatu chili chiimire. M'nkhokwe zambiri munatsala mbewa zokha, nazonso zikuoneka kuti zikulongedza.

Mawu oti njala sankatchulidwa. Mwini dziko anali atanena pa wayilesi kuti m'dziko lake mulibe wogona ndi njala, ndiye wonena zosiyana ndi zimenezo ankakhala kuti akutsutsana ndi wayilesi. Choncho tinkangoti tikudya mochedwa. Mabanja ena ankadya mochedwa kwambiri moti chakudya cha Lolemba chinkadyedwa Lachitatu. Amayi anakumba mizu ya chinaka m'madambo mpaka inatha. Tinadya bowa amene kale tinkamulambalala, ndi nthochi zoti mwini wake akanazisiya mwezi wina. A Kayuni, anansi athu, anafumula malata a nyumba yawo n'kukasinthitsa ndi chinangwa. Anyamata ambiri anawoloka Songwe kukachita ganyu, ena sanabwerenso mpaka lero, akuti akadali kulima mzere womaliza.

Apa ndi pamene ndinadziwa kuti mlamu wanga anali munthu wotani. Anatsegula nkhokwe yawo, imene inali yotsala pang'ono kuposa zathu chifukwa sankafulula mowa, n'kuyamba kugawa ndi kambale. Ankayambira amayi amasiye, kenako nyumba za ana aang'ono, iwo kumapeto. Kumapetoko nthawi zambiri kunkakhala kambale kokha. Anaonda moti pa msonkhano akatembenukira chammbali tinkaganiza kuti achoka, ndipo akazi awo ankawaikira miyala m'matumba a jekete kuopa mphepo.

Koma chikhulupiriro chawo sichinaonde. Ankati Mwini dziko sananame, kungoti sanauzidwe. Ankati akangouzidwa, chimanga chifika.

Malichi

Mvula inabwerera mochedwa, ngati munthu wofika pa maliro anthu atakwirira kale. Chimanga sichinadzuke. Koma kuseri kwa chitunda malezi, amene anali atangogona pansi kudikira, anadzuka ndi kuyamba kutulutsa timitu tawo ngati zibakera za makanda.

Tsiku lina tili kopalira, ine ndikuimba ng'oma mwaulesi chifukwa panalibenso nkhwangwa zoti ndibise, ndinaona ndodo ikutulukira pa chipilala, kenako munthu woonda kuposa ndodoyo. A Tcheyamani anali atakwera okha kudzatiuza kuti uthenga wafika: Mwini dziko sabwera, koma atuma nduna, ndipo amayi a nthambi zonse akavine pa Boma.

Anaima. Anayang'ana malezi kuchokera pamapazi awo mpaka kutsidya la chigwa. Anayang'ana zitsa zakuda ndi mitengo yopanda nthambi. Anayang'ana ine. Ng'oma inaleka yokha.

Nalungwe anaika khasu pansi, anapita kukagwada patsogolo pawo ngati tsiku lija anapempha chilolezo, n'kuwatchula kuti adumbu, monga timatchulira mlongo kwathu kuno.

"Adumbu, mwatiyendera."

"Gule uja ndi ameneyu?"

"Ndi ameneyu. Mwezi wa Meyi ayamba kudyedwa."

A Silungwe anati iye wawanamiza, wanamiza chipani, ndipo waphunzitsa mudzi wonse kuombera m'manja lamulo masana n'kumaliphwanya masana omwewo. Anati dziko silingamangidwe ndi anthu amene amamvera pokhapokha pamene kumvera sikupweteka. Nalungwe sanakane chilichonse. Anati zonsezo n'zoona, koma mwana wa a Kayuni watupa mapazi, ndipo mwanayo sangadye lamulo. Anati m'dera la a Tcheyamani simunagwe nthambi ngakhale imodzi, akafuna akawerenge mitengo.

A Silungwe anati iwo akupita pa Boma kukanena kuti kwathu kuli njala, chifukwa ndiyo njira yoongoka imene tikanayenera kutsata poyamba pomwe. Anatinso sakamunenera mlongo wawo, koma akakafunsidwa za malezi sakanama.

Nalungwe anawayang'ana nthawi yaitali. "Pitani, adumbu. Koma mukayambe ndi za njalazo. Tione ngati akakufunseni funso lachiwiri."

Ndinawatengera pa Boma ine ndemwe, pa njinga yawo ija ya khadi. Sindinamve kuti ndakweza munthu, moti kawiri konse ndinacheuka kuona ngati sanagwe. Anali atavala jekete, tayi ndi baji. Mu ofesi ya chipani analowa okha, ine ndinatsala pakhonde, koma zenera linali lotsegula. Ndinawamva akupereka moni, akutchula dzina la nthambi yathu, kenako mosathamanga, ngati akuwerenga vesi, anati abwera kudzanena kuti anthu awo ali ndi njala ndipo akupempha kuti Mwini dziko auzidwe.

M'ofesimo munati zii moti ndinamva chiswe chikudya mpando. Tcheyamani wa boma lonse la Chitipa, munthu wonenepa amene sanali woipa mtima koma anali ndi ana ambiri kusukulu, anawauza kuti mwina alakwitsa mawu, abwereze bwino. A Silungwe anabwereza chimodzimodzi, mokweza pang'ono poganiza kuti mkuluyo samva bwino.

Funso lachiwiri silinafunsidwe. Anawavula baji n'kuwatsekera m'kachipinda ka kuseri kosungiramo mbendera, podikira kuti nduna ikabwera n'kupita, aone kowatumiza. Tonse tinkadziwa kuti otumizidwa kumwera masiku amenewo ankabwera imvi zitamera, ngati abwera n'komwe. Ndinabwerera ndekha, ndipo njinga inalemera kuposa popita.

Nditamuuza Nalungwe, sanalire. Anakhala pansi, anamasula mpango, anaumanganso. Kenako anati kwatsala vuto limodzi: Loweruka tikavina pamaso pa nduna, ndipo gule tilibe.

Epulo

Bwalo la pa Boma linadzaza. Nduna inakhala pa nsanja yofoleredwa ndi nsalu, tcheyamani wa boma lonse ali pambali pake akupukuta thukuta. Amayi a ku Kaseye anavina bwino kwambiri, a nthambi zina nawonso, magule odziwika amene ndunayo inali itawaona m'maboma onse. Ndinaiona ikuyasamula kuseri kwa chipewa.

Itakwana nthawi yathu ndinafunsa Nalungwe monong'ona kuti ndiimbe chiyani. Anati imbani ya nkhwangwa.

Ndinagunda kuwiri mopepuka, kachitatu mwamphamvu. Matupi a amayi aja anakumbuka okha. Analowa m'bwalo mwendo wamanja patsogolo, chiuno pansi, kukoka, kuponya, onse pamodzi ngati munthu mmodzi, pakuti anali atachita zimenezi mwezi wathunthu ndi nthambi zenizeni. Pa kugunda kwachitatu ankamenya pansi ndi phazi mpaka nsanja inkanjenjemera. Kenako anabwerera chammbuyo ataphimba nkhope ngati othawa moto, anatembenuka, n'kuyamba dzanja kumanja, dzanja kumanzere, phazi n'kufotsera. Nyimbo inali yomwe ija yotamanda chitukuko. Munthu aliyense wobadwira ku Chitipa m'bwalomo anadziwa chimene akuona, ndipo aliyense anayang'ana pansi kuti asaseke. Nduna inali ya kumwera. Inaimirira.

Ndikulumbira kuti fumbi la tsiku limenelo linakagwera ku Tanzania, ndipo kumeneko anadandaula.

Titamaliza, nduna inati yayenda dziko lonse koma gule wotere sinamuonepo, ndipo zikuoneka kuti amayiwa anayeserera kwa nthawi yaitali. Inafunsa kuti tcheyamani wa nthambi imeneyi ndani, abwere imugwire chanza. Nalungwe anayenda chogwada mpaka pansi pa nsanja n'kunena kuti ndi a Silungwe, amene anatipatsa chilolezo ndi kutilimbikitsa tsiku ndi tsiku, ndipo ali pompano, akupumula kuseri kwa ofesi.

Tcheyamani wa boma lonse anathamanga yekha. Munthu wa thupi limenelo sindinamuonepo akuthamanga chonchija. Anabwera nawo a Silungwe baji itabwerera pachifuwa, ngakhale inali yozondoka.

Nduna inawagwira chanza n'kuwafunsa kuti kumudzi kuli bwanji. Ndinaona mlamu wanga akuwongola msana, akukoka mpweya, ndipo ndinadziwa vesi imene ikubwera. Nalungwe anandiyang'ana kamodzi kokha. Ndinamenya ng'oma ngati yandilakwira, amayi analuluta onse pamodzi, nyimbo inayambiranso. A Silungwe analankhula mpaka kumaliza, pakamwa pakuyenda bwinobwino, koma palibe khutu limene linamva, choncho palibe amene anayenera kuchitapo kanthu. Nduna inkangogwedeza mutu. Koma ndinaiona ikuyang'ana khosi lawo, mmene linkasambira m'kolala ngati mthiko m'ndowa. Inayang'ana nthawi yaitali, kenako inayang'ana tcheyamani wa boma lonse.

Mwezi usanathe, lole ija inafika kuchokera ku Karonga. Palibe ananena chifukwa chake, popeza kunalibe njala. Chimangacho sichinali chambiri, koma chinatifikitsa pa malezi. Nalungwe ankati chimene chinabweretsa loleyo ndi gule. A Silungwe ankati ndi mawu awo. Ine ndimati ndi kolala.

Meyi

Malezi anacha. Tinawadula ndi timipeni, mutu umodziumodzi, ndipo anatsika chitunda m'madengu, m'matumba ndi m'ng'oma. Nalungwe anagawa monga mmene mlongo wake ankagawira ndi kambale kaja, kuyambira amasiye, osafunsa kuti unadula nawo nthambi kapena ayi. Mapazi a mwana wa a Kayuni anaphwa. M'midzi ina chaka chimenecho anaika maliro a anthu amene ankati amwalira ndi chifuwa. M'mudzi mwathu sitinakumbe manda ngakhale amodzi, ndipo zimenezi sindikuseka.

Munthu mmodzi yekha ndi amene anakana kudya. A Silungwe anati gawo lawo la chimanga cha lole lipite kwa ana, ndipo malezi a visoso sangalowe m'kamwa mwa tcheyamani amene analetsa visoso. Anati akadya, mawa adzaima bwanji pansi pa mango n'kuuza anthu chilichonse. Akazi awo analira, abusa anabwera, ine ndinayesa kuwauza kuti njinga yawo idzasowa mwini. Sizinathandize. Ankamwa madzi a masamba a maungu, ndipo mawu awo anayamba kuchepa ngati wayilesi yotha mabatire.

Nalungwe anapita kukawaona atagona pamphasa pakhonde. Sanawanyengerere. Anawafunsa kuti kodi ulamuliro wawo umalekezera pati. Anati pa chipilala. Anafunsanso kuti kodi munthu akapita kukacheza kwa azakhali ake n'kupatsidwa chakudya, mwambo wathu umati atani. A Silungwe anayang'ana kudenga.

"Kukana chakudya cha azakhali n'chipongwe," anatero.

"Azakhali akudwala mtima, adumbu. Akuti simunawaonepo chaka chonse."

M'mawa mwake ndinawakweza pa njinga, pokwera chitunda ndikukankha. Pa chipilala anatsika, anavula baji, anaiika pamwamba pa simentiyo mbali ya ku Malawi, n'kudutsa. Azakhali anali atayala mphasa pamthunzi wa mtengo umodzi umene tinausiya. Anawapatsa phala la malezi m'chikho. Anapemphera pemphero lalitali, lopempherera Mwini dziko, nduna, mvula ndi mapiri, kenako anamwa. Anamwanso chachiwiri. Chachitatu ndinawaletsa ine.

Kuyambira tsiku limenelo ankakwera tsiku lililonse, poyamba pa njinga, kenako ndi ndodo, kenako opanda ndodo. Nalungwe ankaphika kunyumba kwathu, kunyamula chakudya pamutu, kudutsa nacho chipilala, kupatsa azakhali, azakhali n'kupatsa a Silungwe. Chakudyacho chinkayenda limodzi nawo njira yomweyo, nthawi zina kutsogolo kwawo pang'ono, ndipo iwo ankayang'ana kumbali. M'nyumba mwawo simunalowe njere ya malezi ngakhale imodzi mpaka chimanga cha m'dimba chinacha.

Ogasiti winanso

Atabwerera m'thupi, a Tcheyamani anatisonkhanitsanso pansi pa mango n'kulengeza kuti visoso n'zoletsedwabe. Nalungwe analuluta kuposa onse. Koma chaka chimenecho a Silungwe anakhala akuvutitsa mlangizi uja wa ku Ntcheu mpaka anapeza njira yofesera malezi m'munda wamba wothira manyowa, popanda kutentha mtengo, ndipo munda woyamba unali wawo. Sanabereke ngati a m'phulusa, koma anabereka. Nalungwe atawaona anati basi, gule uja watha, mawondo akupweteka.

Onse awiri anatsogola, mlamu poyamba, mkazi wanga zaka zingapo pambuyo pake, ndipo mpaka kumapeto sanagwirizane kuti anapulumutsa mudzi ndani. Ine sindinaweruze, chifukwa ndinkadya kwa onse awiri.

Amene akuti ndikuwonjezera abwere ndimukweze chitunda. Mbali ya kwathu adzaona mitengo ikuluikulu ndi kasupe amene sauma ngakhale mu Okutobala. Amenewo ndi a Silungwe. Akatsika adzaona pa bwalo la sukulu adzukulu a Kayuni akuthamanga, ana a mwana uja wa mapazi otupa. Amenewo ndi a Nalungwe. Ndipo pamwamba pa chipilala, mbali ya ku Malawi, pali kadzenje kozungulira pamene baji inkakhala mwini wake akudya. Ena amati ndi mvula inakumba. Mvula ya chaka chimenecho ndinaiona ine, sikanakumba kanthu.